Mutu 7: Nantchengwa wa M'buku

1. Kalata ya akalipentala

Tsiku lomaliza la mwezi linali Loweruka, ndipo linacha ndi kutentha kosautsa. Nthawi inali isanakwane n'komwe seveni koma malata anali atayamba kale kuthetheka.

Kamvuluvulu anali pasinki akutsuka makapu, mwendo umodzi ukuvina wokha. Dzinali anamupatsa ndi amayi ake ataona kuti mwanayo sadziwa kukhala pansi. Akalowa m'nyumba zitseko zinkamenyetseka, akatuluka makatani ankatsala akugwedezeka. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo chinthu chimene ankadana nacho koposa zonse chinali kudikira.

Tsono mufunsa kuti munthu wotereyu anapatsidwa bwanji buku la mbalame. Ngakhale ine ndinadabwa.

Bukulo linali la amalume ake, mlongo wa amayi ake, amene ankakhala nawo nyumba imodzi. Iwo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi mpaka kupuma. Poyenda khomo ndi khomo anazolowera kuyang'ana m'mitengo, ndipo mapeto ake anagula buku lachikuto cholimba. Chilimwe chilichonse ankalembamo mitundu ya mbalame imene aiona kuyambira pamlatho mpaka pathanki ya madzi, dziwe lili pakati. Mtundu uliwonse ankaulemba kamodzi pa mwezi, tsiku lake ndi malo ake. Mwezi ukatha ankajambula mzere ndi rula, n'kulemba chiwerengero pansi pake. Anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osadumphitsa.

Chaka chino ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Podikira opaleshoni, bukulo analipereka kwa mwana wa mlongo wawo.

"Odi kuno!"

Anali akalipentala a nyumba yachitatu, utuchi uli mbuu m'tsitsi, pepala lili m'manja.

"Fikani, fikani," anayankha amalume ali pampando wawo wa pakhonde. "Ndakudziwirani fungo la vanishi."

Akalipentala sanafune kuzungulira. "Achikulire, nkhani ndi ya galaja yatsopano ija. Oyilo wakutha akumuthira m'ngalande, ngalandeyo n'kumakathira m'dziwe. Talemba kalata yopita ku khonsolo kuti abwere adzaone okha. Ikupita Lolemba m'mawa. Anthu asaina ndithu, koma dzina limene tikulisowa ndi lanu. Inu mwakalambira pa ntchito ya madzi, komanso buku lanu lija aliyense amalidziwa."

Amalume anapukusa mutu.

"Ine sindisaina zongomva. Maso anga sakuona, inde, koma buku likuona. Pa naini mwezi uno mwanayu analemba nantchengwa padziwe pomwepo. Nantchengwa amadya achule, ndipo achule sakhala m'madzi akufa. Ngati nantchengwa alipo, dziwe lili moyo. Ndingamunenere bwanji munthu wa galaja pamene buku langa lomwe likumuikira kumbuyo?"

Phwaa! Kapu inapulumuka m'manja mwa Kamvuluvulu n'kusweka pasimenti.

"Yachitatu mwezi uno!" anakuwa amayi ake ali pamakina osokera. "Iwe, manja akowo unabadwa nawo ali ndi sopo kale?"

Kamvuluvulu anagwada n'kuyamba kutola mapale, makutu ali pakhonde. Anamva akalipentala akudzuma, kenaka nsapato zawo zikupita.

2. Zimene zinachitika pa naini

Ndikuuzeni chilungamo, popeza mtsikanayo anali asanauze munthu aliyense. Nantchengwa wa pa naini uja sanamuone.

Tsikulo anafika pamlatho mochedwa, anzake akumudikira ku mpira wamanja. Anayang'ana kudziwe kamodzi, kawiri, osaona kanthu. Kudikira ndiye kunamukanika. Anatsegula tsamba la chaka chatha n'kupeza nantchengwa. La chaka chinacho, nantchengwa. Anabwerera m'mbuyo masamba ambirimbiri, ndipo mwezi uliwonse wa chilimwe mbalameyo inalimo.

"Nanga angapite kuti?" anadziyankhula. Analemba dzinalo msangamsanga n'kuthamangira ku mpira. Madzulo ake atawawerengera amalume, iwo anawomba m'manja n'kunena kuti, "Mnzanga wakale akadalipo!" Nkhani inathera pomwepo, kapena tinene kuti iye ankayesa kuti yatha.

Atataya mapale a kapu, anatenga buku ndi cholembera kuti azembe. Koma khutu la munthu wosaona silinamizika.

"Kamvulu, taima. Ukukumbuka kuti lero ndi tsiku la mzere?"

"Ndikukumbuka, amalume."

"Dzuwa likamalowa ubwere ndi bukulo. Koma takhala pansi kaye."

Anakhala m'mphepete mwa sitepe, mwendo uja ukuvinanso wokha.

"Wamva mmene ndawabwezera akalipentala," anatero amalume. "Ndawabweza chifukwa ndimadalira dzanja lako. Ndinakuuzapo za mnzanga wa ku ntchito uja, koma ndibwerezanso, chifukwa iwe umamvera ndi khutu limodzi, linalo lili kumsewu.

"Anali munthu wansangala, wodziwa kucheza. Dzuwa likatentha ngati leroli, iye ankakhala pansi pa mtengo ndi kabuku kake. M'malo mokatsegula mita ya nyumba iliyonse, ankangoyang'ana nambala ya mwezi watha n'kuwonjezerapo pang'ono. Ankati, ‘Nyumba imeneyi ndimaidziwa, madzi ake sasintha.' Ndipo nthawi zambiri ankalondola. Choopsa chake n'chimenecho, mwanawe, kuti ankalondola.

"Koma kunali nyumba ina ya mayi wokalamba wokhala yekha. Paipi inaphulika pansi pa nyumbayo, madzi n'kumatayika usana ndi usiku. Mita inkazungulira ngati yapenga, koma panalibe woitsegula. Miyezi inayi! Tsiku lina khoma la kuchipinda linangokhala pansi. Mwayi wake mayiyo anali panja akuyanika zovala. Mnzanga uja sanabe kanthu, sanamenye munthu. Anangolemba chimene ankayembekezera m'malo mwa chimene chinalipo.

"Tsono iwe, ukaona mitundu isanu, lemba isanu. Sindidzakukalipira chifukwa cha tsamba losadzaza. Pamene palibe dzina napo pamatiuza kanthu. Ndipo ukalakwitsa usafufute, usang'ambe tsamba. Dula ndi mzere umodzi, kuti wobwera pambuyo aone pamene unaphonya. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Thamanga tsono. Ndikumva sitepe ikugwedezeka."

Anatuluka pageti mutu uli ndi ganizo limodzi lokha. Mwezi unali usanathe. Akangomuona nantchengwa lero dzuwa lisanalowe, ndiye kuti dzina lija likhala loona, cholakwika n'kungotsala tsiku. Zoti dziwe lingakhale likufadi sanafune n'komwe kuziganiza.

3. Kuzungulira dziwe

Fungo linamulandira asanafike n'komwe. Si fungo la matope limene analizolowera ayi, koma la pansi pa galimoto.

Anatsetserekera kumadzi. M'mphepete monse munali kansalu konyezimira, kobiriwira apa, kofiirira apo. Bango la pafupi ndi ngalande linali litada mpaka m'mawondo. Anagwetsamo kamtengo, ndipo potulutsa kanali noninoni.

Kenaka anaona achule. Anali chagada, mimba zili mbee. Anawerenga asanu ndi awiri n'kusiya.

Anakweza maso kumtengo waukulu wa kutsidya, kumene kunali chisa cha nantchengwa, chimulu cha timitengo chachikulu ngati mtolo wa nkhuni. Mbali imodzi inali itagumuka, ndipo pamwamba pake panatera khwangwala akudzikonza nthenga mosatekeseka.

"Choka apo, mwini wake akubwera!" anakuwa Kamvuluvulu. Khwangwala anangomuyang'ana ndi diso limodzi.

Anayesa kukhala pamwala kuti adikire. Sipanathe mphindi zisanu, anali atanyamuka. Anathamangira pamlatho, mwina mbalameyo ili kumunsi. Kunali anamzeze okhaokha akulowa ndi kutuluka pansi pa mlatho. Anabwerera kudziwe. Anakwera mtunda wa kuthanki. Anatsikanso. Pofika masana bulauzi inali itamatirira kumsana, kukhosi kuli gwa.

Atakwera kuthanki kachitatu, amlonda a pamenepo anatsitsa mawu a wailesi yawo.

"Iwe wa mbalame, wazungulira kangati lero? Chizungulire ndayamba kumva ndine."

"Amlonda, nantchengwa mwamuonako?"

"Uti? Wa mutu ngati hamala uja?"

"Yemweyo."

"Aaa, ameneyo anasamuka. Patha masabata asanu, kapena kuposa. Ankabwera m'mawa uliwonse, kuima pamwala apo ngati bwana woyendera ntchito. Madzi atangoyamba kununkha, zii. Achule nawonso anasiya kuimba. Masiku ano ndimagona tulo tabwino." Anatsokomola. "Ndikutanthauza kuti ndimalondera bwino."

Kamvuluvulu sanaseke. Anakhala pansi pamthunzi wa thanki, buku lili pamiyendo.

"Nanga nkhope yagweranji? Ndi m'bale wako?"

"Ndinamulemba kale m'buku," anatero ndi mawu otsika. "Pa naini. Ndisanamuone."

Amlonda anaseka mpaka chipewa kugwa. "Basi? Ine ndimayesa mwina kwagwa zovuta! Wamulemba, ndiye kuti alipo. Mbalame ingakakusumire kukhoti? Amalume akowo saona, ndipo akadzaona adzakhala ataiwala. Bwanji ukudzipha ndi dzuwa chifukwa cha dzina limodzi? Ifenso m'buku la pageti timangolemba kuti zonse zili bwino. Wawerengapo ndani?"

Anamupatsa madzi a m'botolo mwawo. Mtsikanayo anamwa, kuthokoza, n'kutsikanso mtunda. Mawu a amlonda anamutsatira mpaka kumadzi, ndipo kunena zoona ankamveka okoma.

4. Mbalame yofiirira

Dzuwa linapendeka. Zithunzithunzi zinatalika. Ana amene ankasewera pamlatho anayamba kuitanidwa mmodzimmodzi.

Kamvuluvulu anaima m'mphepete mwa dziwe, miyendo ili lende ndi kutopa. Anali atangotseka buku kuti azipita pamene china chake chinadutsa kuseri kwa mtengo waukulu uja. Mbalame! Yaikulu ndithu, yofiirira, ikuuluka motsika kulowera kumlatho.

Analiyatsa liwiro, silipasi imodzi n'kutsala m'matope. Sanaitole. Anadumpha ngalande, anapyola pakati pa amayi awiri onyamula zidebe, mmodzi n'kumukuwira kuti, "Iwe, wapenga?"

Atafika pamlatho, wefuwefu, mbalameyo inali patali, yalunjika kumene dzuwa likulowera. Anatchinga maso ndi dzanja. Ankafuna mutu wokha basi, mutu wa hamala uja. Koma kuwala kunamuthobwa m'maso, misozi n'kuyamba kutuluka. Atapukuta, kumwamba kunali kopanda kanthu.

Anali nantchengwa? Mwina. Kukula kwake kunali komweko, mtundu wake womwewo. Komanso mphamba ndi wofiirira, ndipo naye amakonda kudutsa pamenepo madzulo.

Anaima pamlathopo nthawi yaitali, yaitali kuposa nthawi ina iliyonse imene anaimapo malo amodzi chibadwire. Mbalameyo sinabwerere.

Anakatola silipasi yake n'kuuyamba wa kunyumba. M'njira ankayeserera mawu. "Ndamuonanso lero, amalume, akuuluka." Anawanena katatu, ndipo kachitatuko anatuluka bwinobwino, osagwira pakhosi.

5. Mzere

Anawapeza amalume ali pampando womwe uja, rula ili kale pamiyendo pawo. Amayi ake anali atatulutsira makina pakhonde kuti amalize diresi kusanade.

"Taonani mapazi!" anatero amayi. "Mbalamezo ukumazifuna pansi pa matope?"

"Musiyeni, achemwali, ndi ntchito," anatero amalume akumwetulira. "Khala apa, Kamvulu. Werenga, ndimve mwezi wathu."

Anatsegula buku.

"Khwangwala, pa wani, pamtengo wa magetsi. Mpheta, pa wani, pageti. Njiwa, pa thu, padenga la sukulu. Namzeze, pa folo, pansi pa mlatho."

"Anafulumira chaka chino," anatero amalume. "Pitiriza."

"Pumbwa, pa folo. Phwiti, pa sikisi, m'tchire la kuthanki. Nthengu, pa seveni, pawaya."

Anaima.

Makina a amayi ankalira, kenaka nawo anaima chifukwa ulusi unaduka.

"Pa naini," anamukumbutsa amalume mokoma mtima. "Mnzanga uja."

Mawu amene anayeserera m'njira aja anali okonzeka pa lilime. Kamvuluvulu anayang'ana nkhope ya amalume ake. Maso awo otuwa anali atalunjika pambali pang'ono, pamene ankaganiza kuti iye ali, ndipo ankamwetulirabe.

"Amalume, sindinamuone."

"Wati chiyani?"

"Pa naini sindinamuone nantchengwa. Ndinkafulumira ku mpira. Ndinaona kuti zaka zonse amakhalamo, ndiye ndinangokopera."

"Mayo ine!" anatero amayi ake, manja ali kumutu. "Iwe mwana iwe!"

Amalume anakweza dzanja kuti mlongo wawo akhale chete. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Mtsikanayo akanakonda kuti amukalipire, ngakhale kumukwapula kumene, kusiyana ndi chete ameneyo. Manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana.

"Lero wakhala kudziwe tsiku lonse," anatero amalume. "Wamuona?"

"Ndaona mbalame yofiirira ikuuluka patali. Mutu sindinauone."

"Ndiye waona chiyani?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Chabwino. Chimene sukuchidziwa sichilowa m'buku. Nanga chimene ukuchidziwa n'chiyani? Kudziweko kuli bwanji?"

Apa ndiye misozi inatsika. Anawauza za fungo, za bango lakuda, za achule asanu ndi awiri ali chagada, za chisa chogumuka, ndi za masabata asanu a amlonda. Amalume ankamvetsera atagwira rula ndi manja onse awiri.

"Masabata asanu," anatero motsitsa. "Ine ndili pano kuwomba m'manja."

Anamupatsa rula. "Dula. Mzere umodzi."

Kamvuluvulu anaika rula pa dzina lija n'kudula. Amalume anatambasula dzanja, iye n'kuwaikira chala patsambalo. Anasisita mpaka anapeza pamene cholembera chinakanda pepala, n'kutsatira mzerewo kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

"Pambali pake lemba kuti: sanaoneke mwezi wonse. Pansi ulembe zimene waona lero, achule ndi chiwerengero chawo. Za amlonda ulembe kuti wauzidwa, osati waona. Mayina otsalawo unawaona onse ndi maso ako?"

"Onse, amalume. Ndikhoza kukuuzani pamene iliyonse inatera."

"Ndidzakufunsa. Yatsala mitundu ingati?"

Anawerenga ndi chala. "Khumi ndi itatu."

"Chaka chatha mwezi ngati uno inali khumi ndi isanu ndi inayi. Jambula mzere wa mwezi."

Atamaliza, amalume anatambasulanso dzanja. "Cholembera."

Anawapatsa. Iwo anachilowetsa m'thumba la malaya n'kumanga batani. Kamvuluvulu anamva ngati amulanda chinthu cha m'thupi mwake. Lero lomwe ndi pamene anadziwa kuti bukulo amalikonda.

"Mawa ndi pa wani, amalume," anatero ndi mawu a misozi. "Tsamba latsopano alemba ndani?"

"Zimenezo sindinaganize. Achemwali, ndipatseni nsapato zanga."

"Nsapato? Mukupita kuti madzulo ano, maso ake amenewa?"

"M'mawa uja ndamubweza munthu ndi bodza, ndipo latuluka pakamwa panga. Sindigona nalo." Anaimirira n'kufufuza phewa la mtsikanayo mpaka analigwira. "Iwe nyamula buku. Ine sindingathe kuwerenga, ndiye ukawerenga ndiwe, kuyambira pamene wadulapo."

Anatuluka pageti, mtsikana patsogolo, dzanja la amalume lili paphewa. Kwa nthawi yoyamba Kamvuluvulu anayenda pang'onopang'ono, akuwauza pamene pali mwala ndi pamene pali dzenje.

Ankayembekezera kuwapeza akalipentala ali okha, akusesa utuchi. Koma atakhota pa nyumba yachiwiri anaona anthu ali khamu pakhomo pa shedi ya akalipentalawo, ena ataima, ena atakhala pamatabwa. Pakati pawo panali bambo wamtali wovala ovolosi yothimbirira ndi oyilo, akulankhula mokweza, kalata ija ali nayo m'manja.

"Mukundinamizira!" ankatero mwini galajayo. "Mkulu wa mamita uja wakana kusaina, si choncho? Wanena yekha kuti buku lake likuti dziwe lili moyo. Kaitaneni buku limenelo libwere pano, tonse timve!"

Wina anatembenuka n'kuwaona. "Si awa akubwera apawa! Ndi buku lomwe!"

Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Mwini galaja anamwetulira, n'kuwakokera mpando amalume ndi manja ake.

Dzanja la paphewa lija linafinya pang'ono.

"Tsegula pa naini," anatero amalume. "Ukweze mawu."